Heavy metal ndi mbumba ya ku Aston

Alamu anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo akhala akuimba besi m'kwaya kuyambira ndisanakwatire mlongo wawo. Tsiku lina tili pakhonde kudikira nsima, foni yanga inalira ndisanalowetse bwino waya wa zomvera m'makutu. Inali nyimbo ya gulu lina la ku Sweden, magitala akukukuta ngati macheka, woimba akubangula kuchokera pansi pa mimba. Ndinafuna kuzimitsa msanga koma iwo anakweza dzanja. Anamvetsera kanthawi, kenako anati, "Alamu, chamba chimenechi dzina lake n'chiyani?" Nditati heavy metal, anafunsanso: "Nanga chimene chimaichititsa kukhala heavy metal n'chiyani? Phokosoli?"

Funsoli ndi lachilungamo, ndipo ife okonda chambachi timaliyankha moperewera. Ena amangoti ukaimva uidziwa. Ena amayamba kulakatula mayina, thrash, death, black, doom, ngati kuti kuchuluka kwa mayina ndiye tanthauzo. Ine ndikuti heavy metal ili ndi tanthauzo lomveka, loti munthu wa kwaya angathe kulilondola ndi khutu lake, ndipo lagona pawiri: mmene nyimboyo yamangidwira, ndi kumene yachokera. Mayina a nthambi zake ali ngati mfunda. Amakuuza kuti uyu ndi mwana wa yani, koma sanaikidwe kuti tizipitikitsira anthu pamudzi.

Phokoso palokha si kanthu. Chigayo chili nalo, chimkuzamawu cha pamsonkhano wa ndale chili nalo. Mzati wa nyimbo ya metal ndi chimene oimba amati riff, kachidutswa kafupi ka gitala kamene kamabwerezedwa mpaka kakhazikike m'mafupa. M'nyimbo zambiri zimene tinazolowera gitala imaperekeza woimba. Mu metal zimatembenuka: woimba ndiye amaperekeza riff. Mungachotse mawu onse, nyimboyo ikhalabe chiimire, koma mukachotsa riff denga lagwa. Gitalayo imadutsa mu ampulifaya yokwezedwa kupyola muyezo wake mwadala, kuti liwu lililonse lituluke lokhakhala ndi lonenepa. Chifukwa cha kukhakhalako, woliza sagwira do, mi ndi so pamodzi monga timachitira m'kwaya. Amasiya mi, n'kugwira do ndi so basi, poti mi akalowa m'makina otere zonse zimasanduka phala. Kenako amagoneka m'mphepete mwa chikhatho pa nsambo, pafupi ndi pamene zamangidwira, kuti zisalire momasuka koma zizingoti gu gu gu, ngati munsi mumtondo. Besi ndi ng'oma zimamenya pamodzi ndi gitalayo nthawi imodzimodzi. Zimenezi zikakumana ndiye pamabadwa kulemera kuja, koti ngakhale nyimbo ili pang'onopang'ono umamva ngati akuika thumba la simenti pachifuwa.

Izi sizinagwe kumwamba. Ku Birmingham, mzinda wa mafakitale a zitsulo ku England, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Tony Iommi ankagwira ntchito pa fakitale ya malata. Tsiku lomaliza asanasiye ntchito kuti azikaimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Iye ndi wamanzere, kotero dzanja lamanjalo ndi limene limatsindika nsambo. Anataya mtima, mpaka mkulu wina wa pantchitopo anamumvetsera nyimbo za Django Reinhardt, katswiri wa gitala amene ankaliza ndi zala ziwiri atapsa ndi moto. Iommi anatenga botolo la pulasitiki la sopo wamadzi, n'kulisungunula, n'kuumba timapewa tovala kunsonga za zalazo, n'kumatapo tizidutswa ta chikopa kuti tisamaterereke. Poti kutsindika kunkapweteka, anaika nsambo zopyapyala, ndipo pofika chimbale chachitatu cha gulu lake la Black Sabbath mu 1971 anali atazimasula mpaka gitala inkalira pansi kwambiri kuposa mwa nthawi zonse. Ndikaganiza za mnyamata ameneyu atakhala yekha kupalapala pulasitiki kuti ikwane pa chala chodukacho, sindingathe kumva riff ya metal ngati phokoso wamba.

Sindikunena kuti ngozi ya munthu mmodzi ndiyo inabala chamba chonse. Jimi Hendrix, Cream, Led Zeppelin ndi Deep Purple anali atayamba kale kulemeretsa gitala, ndipo Black Sabbath yomweyo inayamba ngati gulu la blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, ikudzitcha Earth. Koma chimbale chawo choyamba, chimene chinatuluka Lachisanu pa 13 February 1970, chinatsegula khomo lina. Chimayamba ndi mvula, bingu ndi belu la tchalitchi, kenako maliwu atatu okha: do, do wapamwamba, ndi fe, uja wokhala pakati pa fa ndi so. Alamu anga nditawaimbira maliwu atatuwa pakamwa anachita tsinya, chifukwa khutu la kwaya limadikira so ndipo limapatsidwa liwu loperewera pang'ono, losafika pakhomo. Kusakhazikika kumeneko ndiye mbewu. Led Zeppelin inali ndi ma riff aakulu, koma mtima wake unatsalira ku blues ndi nyimbo za gitala yopanda magetsi. Black Sabbath inamanga nyumba yonse pa mantha ndi kulemera. Judas Priest, yochokera ku Birmingham komweko, inadzachotsa zotsalira za blues, n'kuika magitala awiri oyenda limodzi ndi mawu okwera a Rob Halford, ndipo ndi iwo amene anazika zovala zachikopa ndi misomali yonyezimira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Kuchokera apa nkhani yake ndi ya ana kupikisana ndi makolo. Mu 1979 nyuzipepala ya zoimbaimba ya Sounds inapatsa dzina gulu la achinyamata a ku Britain, monga Iron Maiden, Saxon ndi Diamond Head, amene ankaimba mofulumirako. Mnyamata wa ku Denmark wokhala ku California, Lars Ulrich, anatengeka nawo mpaka anayambitsa Metallica mu 1981. Iwo ndi anzawo a Slayer, Megadeth ndi Anthrax anasakaniza ma riff a ku Britain aja ndi liwiro ndi ukali wa punk, ndipo chinabadwacho ndi thrash. Mu thrash dzanja logunda nsambo ndilo mfumu: limatsika ndi kukwera mothamanga koma mosaphonya, ndipo mawu amachita kulavulidwa. Chimbale cha Slayer cha 1986 chili ndi nyimbo khumi koma sichikwana mphindi 30. Ku Germany kunabuka Kreator ndi Sodom, ku Belo Horizonte ku Brazil kunabuka Sepultura. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ana a thrash anati liwiro lokha silikwana. Chuck Schuldiner ndi gulu lake la Death ku Florida, pamodzi ndi Possessed ku California, anatsitsa mawu a woimba mpaka kukhala kubangula, ng'oma zamapazi ziwiri zikugunda mosalekeza ngati injini. Imeneyi ndiyo death metal, ndipo ndi imene alamu anga anamva tsiku lija. Anthu amaganiza kuti kubangulako n'kungokuwa, koma wongokuwa mawu amamuthera asanamalize nyimbo zitatu. Ndi luso la mpweya wochokera m'mimba, lofuna kuphunzira monga besi ya m'kwaya. Ndipo m'nthambi imodzi yomweyi muli makomo awiri osiyana: magulu ojambulira ku situdiyo ya Morrisound ku Tampa ankamveka mosalala ndi mwadongosolo, pamene a ku Stockholm, monga Entombed, ankadutsitsa gitala m'kabokosi kopondera ka Boss HM-2 atapotokola timabatani take tonse mpaka kumapeto, n'kutuluka liwu la macheka lija. Khutu lozolowera limasiyanitsa Tampa ndi Stockholm mofulumira monga mmene timasiyanitsira Chichewa cha ku Kasungu ndi cha ku Mulanje.

Black metal inatenga dzina ku chimbale cha Venom cha 1982, koma maimbidwe ake anakhwimira kwa Bathory ku Sweden ndi magulu a ku Norway a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pamene death metal imatsika, iyi imakwera: mawu ndi kulira kwa kukhosi, gitala imanjenjemera pa liwu limodzi mpaka kukhala ngati mphepo ya mwera, ndipo ambiri ankajambula mosasamala mwadala kuti zimveke zozizira ndi zakutali. Doom inabwerera kwa agogo, kuyenda pang'onopang'ono monga Candlemass mu 1986. Power metal ya Helloween ku Hamburg inasankha nyimbo zokoma zoti khamu lonse liziimbira limodzi. Napalm Death, ya kufupi ndi Birmingham, inafupikitsa zonse mpaka nyimbo yawo ina ya 1987 imangopitirira pang'ono sekondi imodzi. Zilipo nthambi zina zambiri, koma zonse mukazilondola mobwerera m'mbuyo, mphunzitsi ndi wophunzira, chimbale ndi chimbale, mukafika ku Aston, dera la Birmingham kumene anyamata anayi a Black Sabbath anakulira.

Pali anzanga amene amati mayina onsewa ndi achabe, nyimbo ndi nyimbo basi. Sindigwirizana nawo. Mu 1989 a mphoto za Grammy anaika hard rock ndi metal m'thumba limodzi, n'kupereka mphotoyo kwa Jethro Tull, gulu lodziwika ndi chitoliro, kusiya Metallica imene inali itangoimba pamwambo womwewo. Jethro Tull ndi akatswiri pa zawo, koma oweruzawo anaonetsa kuti sankadziwa chimene ankaweruza. Chaka chotsatira anapatula metal payokha. Chinthu chopanda dzina lake chimaweruzidwa ndi muyezo wa eni ena. Ndiponso munthu amene wakonda kulemera kwapang'onopang'ono kwa doom, mukamupatsa Napalm Death poti zonse ndi metal, mwamusocheretsa. Dzina la nthambi limamuuza khomo loti agogode.

Koma ndimatsutsana kwambiri ndi a mbali inayo, alonda a pachipata. Nkhokwe yaikulu ya pa intaneti yotchedwa Encyclopaedia Metallum, imene inayamba mu 2002 ndipo yalemba magulu oposa 100,000, imakana magulu a nu metal monga Korn ndi Slipknot, ponena kuti ma riff awo si a metal yeniyeni. Muyezo wawo wa riff ndi womwe ndatchula ine, ndipo ntchito imene agwira ndimailemekeza. Koma apa aweruza molakwa. Korn inatuluka mu 1994 ndi magitala a nsambo zisanu ndi ziwiri otsitsidwa pansi, ndipo ngakhale kadumphidwe ka nyimbo zawo kanachokera ku hip hop ndi funk, kulemera kwake ndi kuja kwa Iommi. Sepultura, imene palibe amaikayikira, inatenga Ross Robinson, amene anajambula Korn, kuti awajambulire chimbale chawo cha 1996, chomwe anaimbamo ndi anthu a mtundu wa Xavante a ku Brazil. Slipknot inadziwika padziko kudzera pa Ozzfest ya 1999, chikondwerero cha Ozzy Osbourne mwini wake, woimba wa Black Sabbath. Kwathu mkamwini amachokera mudzi wina, ali ndi mfunda wina ndi kayankhulidwe kena, koma ana ake ndi a mbumba ya pakhomopo. Thrash yomwe alondawa amaipembedza nayonso bambo wake ndi mkamwini wochokera ku punk, ndipo pamene inkabadwa analipo akuluakulu oinyoza. Chamba chimene nthambi yake iliyonse inabadwa posakaniza magazi sichingayambe lero kufunsa za magazi oyera.

Malire alipo ndithu, ndipo sindikuti chilichonse cholira mokhakhala chilowe. Chitsanzo chabwino chili pafupi nafe. Zamrock ya ku Zambia ya zaka za m'ma 1970, ya magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, inali ndi gitala yokhakhala zedi, ndipo Paul Ngozi, amene ankaimbanso m'Chinyanja, anali ndi ma riff oti Iommi akanawagwedezera mutu. Kodi imeneyo ndi metal? Ine ndikuti ayi, ndipo sindikuichepsa potero. Inamwa pachitsime chimodzi ndi metal, kwa Hendrix ndi Black Sabbath, koma mtima wake unali kuvina, ng'oma zake zinkayenda mwa funk ndi mwa kwawo. Ndi msuweni, ndipo ili ndi dzina lake lokwanira. Koma Overthrust ya ku Ghanzi ku Botswana, imene imaimba death metal n'kumachititsa chikondwerero cha metal m'tauni ya m'chipululu cha Kalahari, ndi mwana wa m'nyumba. Chimodzimodzinso Arka'n Asrafokor ya ku Togo, yoimba m'chinenero cha Ewe ndi ng'oma za kwawo pamwamba pa riff.

Alamu anga sanathere pa funso la phokoso. Nsima itabwera anafunsa chimene anthu ambiri kwathu amafunsa poyamba: "Koma si za usataniki zimenezi?" Apa ndiyenera kuyankha mosamala, chifukwa bodza lili mbali zonse ziwiri. Black Sabbath inatenga dzina ku filimu yoopsa ya 1963, ataona kuti anthu amalipira ndalama kuti akaopsezedwe. Wolemba mawu a nyimbo zawo, Geezer Butler, anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo m'nyimbo ya maliwu atatu ija munthu amene waona chinthu chakuda chitaima patsogolo pake akuthawa, akupempha Mulungu kuti amuthandize. Nyimbo yawo yotsegulira chimbale chachiwiri ikudzudzula atsogoleri otumiza ana a osauka kunkhondo. Mitanda imene ankavala m'khosi anawasulira bambo ake a Ozzy. Tom Araya, woimba wa Slayer, ndi Mkatolika. Stryper, gulu la metal la Chikhristu, inkaponya Mabaibulo kwa anthu obwera kudzaonera. Metal imayang'ana imfa, nkhondo, misala ndi choipa m'maso, monga mmene nthano zathu za afiti ndi zilombo zimachitira, ndipo kutchula choipa si kuchigwadira.

Komabe ndikanama nditati zonse ndi sewero. Alipo magulu odana ndi Chikhristu mochokera pansi pa mtima. Ku Norway achinyamata ena a black metal anawotcha matchalitchi enieni, ndipo mu June 1992 tchalitchi chamatabwa cha Fantoft kufupi ndi Bergen, chomangidwa koyamba zaka za m'ma 1100, chinapsa mpaka phulusa. Mu August 1993 Varg Vikernes, woimba black metal wa ku Norway komweko, anapha Euronymous wa gulu la Mayhem, ndipo mu 1994 khoti linamupatsa zaka 21 chifukwa cha kuphako ndi kuwotcha matchalitchi ena. Munthu yemweyu amalalikira poyera za kupambana kwa azungu pa mitundu ina. Ine monga munthu wakuda nyimbo zake sindiziika m'nyumba mwanga, ndipo ndimaipidwa ndi okonda metal amene amavala malaya a dzina lake n'kumati luso ndi luso. Koma taonani kuti tanthauzo limene ndapereka silindilola kumukana kuti si wa mbumbayi. Ndi wa mbumbayi ndithu, ndipo manyazi ake ndi athu. Pakhomo pakabadwa chigawenga sitisintha mfunda wake, timangomutchula chimene ali. Chimene ndikukana ndi mwambi uja wakuti ikawola imodzi zawola zonse, chifukwa chikhulupiriro cha woimba sichili m'gulu la zinthu zomangira nyimboyi. Riff yomweyo imanyamula pemphero, imanyamula mwano, imanyamula kulira kwa munthu wotaya mwana. N'chifukwa chake ndimawerenga mawu a gulu lililonse ndisanalilowetse m'mutu mwanga, ndipo ndinawauza alamu anga kuti mwana wawo akadzayamba kumvera zimenezi achite chimodzimodzi, akhale naye pansi awerengere limodzi, m'malo momulanda foni.

Amene akukayikabe za umbumbawu akumbukire za pa 5 July 2025. Pa bwalo la Villa Park, kwawo kwa timu ya Aston Villa, pamtunda woyenda pansi kuchokera m'misewu imene anakuliramo, anayi aja a Black Sabbath, Tony Iommi, Geezer Butler, Bill Ward ndi Ozzy Osbourne, anaimbira limodzi koyamba patatha zaka 20, ndiponso komaliza. Tsiku lonse adzukulu anasinthana pa nsanja: Metallica, Slayer ndi Anthrax a thrash, Pantera, Lamb of God, Mastodon, Tool, Gojira ya ku France imene chaka chapitacho inaimba potsegulira masewero a Olympics ku Paris. Magulu oti okonda awo amakangana usiku wonse za amene ali weniweni, pafupifupi lililonse linaimbako nyimbo ya Black Sabbath kapena ya Ozzy, ndipo nyimbozo zinakwana m'manja mwa onse popanda kuzikakamiza. Ndalama zake zinapita ku chipatala cha ana cha Birmingham, ku nyumba yosamalira ana odwala kwambiri, ndi ku bungwe lofufuza za matenda a Parkinson's, amene anachititsa Ozzy kuimba atakhala pampando. Anamwalira pa 22 July, patangotha masiku 17. Usiku umenewo Black Sabbath inaimba nyimbo zinayi zokha, ndipo kumbali ya nsanja kunaima Iommi, wa zaka 77, akutsindika nsambo ndi timapewa tiwiri kunsonga za zala.